Timadontho ta ku Limbe

Lamulungu, 4 Meyi 2025

Kutchalitchi ndalembetsa anthu khumi ndi anayi. Tasleem sakhulupirira mawa. Ndi mnzanga amene tinkagwira limodzi kuwodi, pano ali ku gulu la kafukufuku wa maso. Akuti makina awo atsopano ojambula kuseri kwa diso anazolowera maso a azungu, ndiye akufuna anthu akuda a maso abwinobwino kuti makinawo adziwe diso lathu likakhala lathanzi limaoneka bwanji. Amalawi a mu Leicester sanapiteko ndi mmodzi yemwe. Ndinamuuza kuti asiyire ine.

Ndaimirira nthawi ya zolengeza. Anthu athu akangomva kafukufuku amaganiza zopopedwa magazi, choncho ndayamba ndi a kunyumba kwanga. Ndati woyamba ndi bambo a Tionge, oyendetsa basi zaka zisanu ndi zitatu osagundapo ngakhale njiwa. Mpingo waseka. A Darlington, amuna angawo, angopukusa mutu, poti sindinawafunse. Achiwiri Mayi Elsie, mkulu wa amayi. Iwo akalemba, ena onse amatsatira.

Amanditchula kuti anesi athu. Pakamwa ndimakana, mumtima ndimamva kukoma. Bukuli ndi langa, ndilembe zoona.

Mungu wayamba kuuluka. Maso a bambo ali psuu monga chaka chilichonse. Timadontho m'mawa ndi madzulo.

Lachinayi, 8 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

Tinafika teni koloko. Ine mphindi khumi, maso bwinobwino. Bambo analowa akuseka ndi Tasleem, akumuuza kuti ajambule bwino chithunzicho adzakhome pabalaza. Tasleem anayang'ana pa kompyuta n'kusiya kuseka. Nkhope imeneyo ndimaidziwa, ndimaivala ndekha kuwodi. Anati ajambulenso. Kenaka anakaitana Dokotala Ehsan, mwini kafukufuku.

Maola atatu. Puleshala ya m'diso siyenera kupitirira 21. La kumanzere 38, la kumanja 29. Anationetsa chithunzi cha mtsempha wonyamula zoona kupita ku ubongo. Wadyeka. Wa kumanzere watsala pang'ono kutheratu. Gulokoma.

Anawaika chibwano pa makina ena, diso limodzi lomata, kabatani m'manja, kuti akaona kanyali adine. Ine kumbuyo ndikuona tinyali tikuthwanima, munthu ali phee, chala chili chete. Ndinafuna kuwagwedeza phewa.

Zotayika sizibwerera. Dokotala ananena kawiri, mofatsa. Ntchito ilipo ndi yoteteza chomwe chatsala, makamaka diso la kumanja. Basi asayendetsenso kuyambira lero.

A Darlington anafunsa chimodzi chokha: “Nanga shifiti ya mawa?”

Dokotala anafunsa ngati kwawo kuli wakhungu. Kulibe. Shuga? Ayi. Mankhwala aliwonse, opaka, opumira, odontheza, makamaka a mtundu wa siteroyidi? Bambo analoza ine, nati afunse mayiwa, ndi nesi. Ndinayankha kuti palibe. Mwachangu, mosaganiza, monga ndinalembera pa fomu yawo sabata yatha.

Pobwerera kunyumba ku Beaumont Leys woyendetsa basi anali mnzawo. Anawafunsa kuti lero akupuma eti. Anangomwetulira n'kukakhala kumbuyo kwenikweni.

Tinapita ngati chitsanzo cha maso abwino. Mpaka pano ndili kakasi.

Lachisanu, 9 Meyi

Mulungu wanga.

M'mawa bambo anabwera monga mwa masiku onse, kugoneka mutu pamiyendo panga kuti ndiwadontheze. Okha sadziwa kulunjika, amaphethira ngati mwana. Ndinatenga kabotolo kamene Dokotala Ehsan anatipatsa dzulo, ndinatenganso kathu ka nthawi zonse. Dzanja linangoima m'malere. Funso la dzulo lija linabwerera lonse.

Zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndinajambula ndi foni n'kukulitsa. Dexamethasone. Siteroyidi.

Ndinawauza kuti lero tingodontheza a dokotala okha. Anavomera, n'kutsinzina, mutu ukadali pamiyendo panga.

Zinayamba 2019. Maso kuyabwa, kufiira, misozi mbwee, iwo ali ndi basi yoti ayendetse. Kuimba foni kwa dokotala wa m'dera eyiti koloko, uli nambala 27 pamzere, pofika pa iwe malo atha. Alamu anga anatitumizira kabotolo ka mu famase ina ku Limbe. Masiku awiri maso mbee. Kuyambira pamenepo aliyense wopita kumudzi ndimamutuma. Makatoni timataya konko kuti makilo asachuluke, timabotolo n'kulowa m'masokosi, pakati pa usipa ndi kambuzi. Kapepala ka malangizo kamatsala ndi katoni. Zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, ndipo chaka chathachi ngakhale m'nyengo yozizira, poti akasiya maso amafiira.

Kuwodi mankhwala omwewa sindipereka popanda dokotala kulemba, ndimawerenga dzina kawiri, ndimasayina. Kunyumba sanali mankhwala. Anali timadontho ta kumudzi, tokhala pashelefu imodzi ndi tsabola.

Kodi ndinkadziwa? Dzinalo ndinaliona mu 2019. Ndinaliona ndithu. Ndinati tidontho tiwiri tingamutani munthu wamkulu. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Timabotolo tinayi totsala ndabisa m'chikwama cha kuntchito. Sindinawauze kanthu.

Lolemba, 12 Meyi

Shifiti ya maola khumi ndi awiri, thupi kuwodi, mutu kwina. Pa kompyuta ya kuntchito ndawerenga zomwe ndinayenera kuwerenga kalekale. Anthu ena akadontheza siteroyidi nthawi yaitali puleshala imakwera mwakachetechete, popanda ululu. Zili m'buku lililonse. Tinaphunzira chaka chachiwiri ku sukulu ya unesi.

Ndakumana ndi Tasleem pakhonde. Wandikumbatira, wati ndi mwayi kuti ndinawabweretsa, ndawapulumutsira diso. Ndathawira kuchimbudzi.

Ndikayankhula, pini yanga ili pamoto, nambala ija yondilola kugwira unesi m'dziko muno. Nesi wogawa mankhwala a dokotala popanda dokotala. Ndipo si m'nyumba mwanga mokha. Ndawerenga pa zala makomo amene ndinagawako: asanu ndi awiri. Wina akangoti maso akuyabwa, anesi athu atulutsa kabotolo m'chikwama pambuyo pa mapemphero, kumata kapepala, kulemba kuti kawiri pa tsiku. Ndinkayenda ngati famase.

M'nyumba muno wogwira ntchito ndatsala ndekha.

Maganizo anga ndi awa: ndikhale chete. Timadontho ndachotsa, puleshala itsika yokha, dokotala ayamikire mankhwala ake. Ndani adzadziwa?

Zikundibwerera zinthu. Chaka chatha bambo anakhula galasi la kumanzere la basi pa mtengo, koyamba m'moyo wawo. Kugunda phewa pa felemu ya chitseko cha kukhitchini. Kufunafuna kapu ya tiyi ili pambali pawo pomwepo. Ine n'kumawaseka kuti ukalamba wafika msanga. Munthu wa zaka 44.

Lachinayi, 15 Meyi

Kalata yodziwitsa ofesi ya malaisensi za maso awo, bambo atumiza okha. Yunifolomu anaisita n'kuipachika.

Tsiku lonse pawindo. Basi ikaima pa siteji yathu amadziwa woyendetsa ndi mmene wapondera buleki. Uyo ndi Azhar, amati, sadzaphunzira.

Maso afiira kuposa kale. Andipempha timadontho tathu, ati a dokotalawa amangowawa, kuyabwa sakuchotsa. Ndati tinatha.

Bodza lachiwiri. Latuluka mosavuta kuposa loyamba.

Lachiwiri, 20 Meyi

Kuchipatala. La kumanzere 33, la kumanja 27. Yatsika pang'ono kwambiri. Dokotala Ehsan wati ikapanda kutsika masabata awiri akubwerawa aganiza za opaleshoni ya diso la kumanja. Diso lokhalo lomwe akudalira.

Kenaka anatsamira kutsogolo, nkhope yowala ngati munthu amene watola chikwama. Pa Amalawi khumi ndi anayi aja, atatu apezeka ndi puleshala yokwera. Atatu. Pa magulu ena onse a m'kafukufuku wake sanaonepo zotere. Maina sangatchule, koma ndikuwadziwa kale: Mayi Elsie anadzilengeza okha pa gulu la amayi la pa foni kupempha mapemphero, ndipo a Henderson, oimba kiyibodi aja, anauza bambo Lamulungu.

Dokotala akuganiza kuti mwina ndi za m'magazi mwathu, chinachake cha ku mtundu chomwe palibe anachifufuzapo. Akufuna chilolezo chotenga magazi, kuyeza abale, ana. Watchula Tionge. Walembera kale anzake ena ofufuza. Munthu wabwino, wakhama, wandithokoza kawiri chifukwa chobweretsa gulu lofunika chotere.

Mayi Elsie ndinawapatsa kabotolo koyamba 2021. A Henderson 2022.

Si za m'magazi, adokotala. Ndi za m'sutikesi. Mawuwo anafika pammero n'kubwerera. Timabotolo tinayi tili m'chikwama pamiyendo panga, ine manja onse pamwamba pake.

Potuluka bambo anati, “Ndiye kuti ndampatsira mwana wanga.”

Lachitatu, 21 Meyi

Tionge waimba kuchokera ku yunivesite ku Loughborough masana, pakati pa mayeso. Bambo ake anamuuza. Kulira, Chingerezi chili phwamwamwa, ine kuyankha m'Chichewa monga mwa nthawi zonse. Wakhala akufufuza pa intaneti m'malo mowerenga. Akufunsa kuti iye zidzamuyamba ali ndi zaka zingati, ndiponso ngati pali phindu kumaliza uinjiniya munthu woti adzasiya kuona.

Mwana wa zaka makumi awiri. Sanadonthezepo ndi kamodzi komwe, amadana ndi chilichonse cholowa m'maso.

Ndamuuza kuti apemphere, Mulungu ndi wamkulu. Ine mayi wake, yankho lili m'kamwa, n'kumubisira kuseri kwa Mulungu.

Ndadzida lero. Palibe mawu ena.

Loweruka, 24 Meyi

Ndimachapa. M'thumba la jekete lawo, kabotolo. Katheka. Kapepala komata, zolemba zanga: kawiri pa tsiku.

Ndinakhala pansi pakhitchini pomwepo.

Anakatenga kwa Mayi Elsie Lamulungu lapitali. Sabata yathunthu akudontheza okha kubafa, m'maso onse awiri, pamwamba pa mankhwala a dokotala. Sanabise mwa choipa. Anati sanafune kundivutitsa poti ndinanena kuti athu atha, ndipo ndikuoneka wotopa. Anandiuzanso mokondwa kuti maso ayera, ndione.

Ndipo Mayi Elsie nawo akudonthezabe. A Henderson chimodzimodzi. Ine ndimati ndikabisa tinayi tanga nkhani yatha.

Ndinazimitsa makina ochapira. Ndinawauza zonse, kuyambira dzina la mankhwala mpaka 2019. Sindinalire, ndinayankhula ngati ndikupereka lipoti kuwodi. Anamvetsera ataimirira, dzanja pa mpando. Ndimayembekeza kukalipa. Bola akanakalipa.

Chikwatirane chathu amanditchula Ketu, amanditi iwe. Lero anati:

“Inu mwadziwa liti?”

Ndinati pa 9.

“Lero ndi pa 24. Zaka sikisi zija ndikuzimva. Tonse tinali mu mdima, ndipo mutu ndinkabweretsa ndekha. Koma masabata awiriwa, anesi, mwandibisira, mpaka mwandiyang'ana ndikulira kuti ndampatsira mwana.”

Anatenga kabotolo ka dokotala pashelefu n'kupita nako kuchipinda cha Tionge. Chitseko anatseka bwinobwino, osamenyetsa.

Lamulungu, 25 Meyi

Ndaimanso pa malo omwe aja a zolengeza. Masabata atatu apitawo amandisekerera. Lero ndanyamula jumbo.

Ndanena mosazungulira. Timadontho ta kumudzi tili ndi mankhwala amphamvu, tawononga maso a amuna anga, ndipo ndine ndinagawa. Aliyense amene ali nato asiye lero, abweretse, akayezetse. Wina anagwetsa buku la nyimbo.

Ndimati makomo asanu ndi awiri. Pofika madzulo jumbo inali ndi timabotolo 23. Amene ndinawapatsa anagawiranso ena, enanso anayamba kudzitumira okha kumudzi, poti anesi athu anavomereza. Kena kanafika mpaka ku Oadby kwa anthu oti sindiwadziwa n'komwe. Safunsa anadya phula, koma awa anafunsa. Anafunsa ine.

Mayi Elsie anandikokera kuseri kwa khitchini ya tchalitchi. Sanandinyoze. Anandigwira dzanja.

“Mwana wanga, tasiya, basi zatha. Kwa azungu usakanene. Adzakuripota, ntchito ithe, nanga bambowa adya chiyani? Za m'nyumba zimathera m'nyumba.”

Mayi oti diso lawo lili 26 chifukwa cha ine, akunditeteza. Pamenepo mpamene ndinalira.

Ndipo ndinafuna kuwamvera. Ndilembe zimenezonso. Koma Dokotala Ehsan akukonzekera kucheka diso la amuna anga asakudziwa chomwe chinalidwalitsa, ndipo akufunafuna m'magazi mwa ana athu chinthu chomwe chili m'jumbo.

Bambo anakhala mzere wakumbuyo, okha. Pobwerera anayenda patsogolo panga mpaka pa siteji.

Mawa ndi holide, kuchipatala cha maso kotseka. Tsiku lina lathunthu lodikira.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ndaika jumbo pa desiki ya Dokotala Ehsan. Timabotolo 28, kuphatikiza tanga tinayi ndi ka m'jekete.

Anatenga kamodzi, n'kukayandikitsa ku nyali. Anavula magalasi. Kuwala kuja kwa sabata yatha kunazima ndikuona. Anandikumbutsa kuti tsiku loyamba anafunsa. Ndinavomera. Anafunsa ngati atatu onse aja amadontheza. Ndinavomeranso. Anapukuta magalasi nthawi yaitali, oti anali oyera kale.

Za magazi zatha. Atatuwo awachotsa m'gulu la maso athanzi, enawo awafunsanso mmodzimmodzi, ndipo alemberanso anzake aja kubweza mawu. Miyezi ya ntchito yake ndaisokoneza.

Koma anati kudziwa kwasintha zinthu. Opaleshoni aimitsa kaye. Siteroyidi akasiyidwiratu puleshala mwina itsika yokha pa masabata angapo. Mwina. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, nthawi zina siitsika. Sabata yomwe anadontheza kubafa ija ikanapitirira, iye akanacheka diso akuganiza kuti mankhwala ake alephera. La kumanzere sananene zambiri. Za kuyabwa walemba mankhwala ena opanda siteroyidi, omwe anali m'famase ya pa shopu yathu zaka zonsezi.

Tasleem anandiperekeza pakhonde, maso ali pansi. Ayenera kulemba lipoti, akulu a unesi andiitana. Ndinamuuza kuti alembe zonse, asandichepetsere. Za pini ndidzamva zikadzafika.

Ndaimbira Tionge. Ndamuuza kuti si za ku mtundu, ngakhale dokotala wati ayezetsebe. Anapuma mpweya waukulu, ndinamva. Kenaka mwana amene sanandiyankhepo m'Chichewa chiyambire sukulu ya mkaka:

“Ndiye ndi inuyo, Amayi?”

Ndati eya.

Lachisanu, 30 Meyi

Akugonabe kuchipinda cha Tionge. Kudya akudya, zikomo amanena, ngati mlendo.

Amadontheza okha. Ndimaona tsaya lonyowa akamatuluka kubafa, kolala yonyowa. Theka la mankhwala likuthera pansi. Kabotolo ka mwezi katsala pang'ono. Ndikuopa kuti m'diso simukulowa kanthu, koma ndine yani kuti ndinene?

Kalata ya akulu a unesi yafika. Pa 11 Juni. Ndaiika pa firiji kuti aione. Sindikudziwa ngati aiona, ili kumanzere.

Lolemba, 2 Juni

M'mawa ndikumanga nsapato za kuntchito anatulukira pabalaza. M'manja katoni yatsopano ya mankhwala a dokotala, yosatsegula. Anaima patsogolo panga kanthawi. Anati Lachinayi akayezanso, ndipo okha akungotaya.

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge kabotolo. Anabweza. Anatsegula katoni, n'kusolola kapepala kopindapinda kaja, n'kundipatsa.

“Werenga kaye. Zonse. Mokweza.”

Ndinawerenga. Dzina, mlingo, osayenera kugwiritsa ntchito, zovuta zomwe zingabwere, mbali zonse ziwiri mpaka adiresi ya fakitale. Iwo ali chilili, akumvetsera. Basi yanga inadutsa pawindo. Nditamaliza ndinayang'ana wotchi. Mphindi zisanu ndi imodzi. Kuwerenga konse n'komweko.

Anakhala pa sofa, n'kugoneka mutu pamiyendo panga. Wolemera monga kale. Ndinayamba ndi la kumanja, dontho linalowa bwino, anatsinzina. La kumanzere linatsala lotsegula, likuyang'ana m'mwamba. Nkhope yanga pamwamba pa yawo, pafupi moti mpweya wawo ndimaumva pachibwano.

“Ketu,” anatero, “ukadalipo?”